Mafupa Mumtondo wa Mbumba

Adzukulu anga amandiseka kuti ndimaopa thumba la adubo, feteleza uja, ngati muli njoka. Sindiliopa ayi. Ndimangokana kuti ligone m'nyumba mmene muli mitsuko ndi zikho zomwera madzi. Akabwera nalo panjinga kuchokera ku Cassacatiza, ndimati likakhale m'kanyumba ka makasu, ndipo amene walikhudza akasambe m'manja asanandipatse moni. Ndinawalonjeza kalekale kuti ndidzawauza chifukwa chake, koma ndikati ndiyambe, ndimalephera. Ndiye ndati ndilembe, poti a padiri a ku misau, kumishoni kuja, anandiphunzitsa kugwira lapisi ndili mtsikana, ndipo ndikuyamika Mulungu kuti maso akadaona.

Chinali chaka china chapakati pa zaka za m'ma 1950. Tinkakhala m'mudzi wa malemu amayi anga, chakufupi ndi Mualadzi. A bere limodzi tinalipo atatu. Aakulu anali alongo anga a Malunga, mwini mbumba, ndiye kuti wotiyang'anira ife alongo awo pamodzi ndi ana athu. Kenako ine, ndi mng'ono wanga Jasinta. Ine ndinali ndi ana awiri, Rozina ndi Pedulo. Jasinta anali ndi kamtsikana kamodzi, Mwatitha. Amuna ake anapita kumigodi osabweranso, osamveka n'komwe ngati ali moyo kapena anafa.

Otubulu

Amuna anga a Firimino anali a ku Nsadzo, mkamwini pamudzi pathu. Anathawa chibalo cha pamsewu n'kupita ku Sozibele, kumene lero amati Harare. Anachoka Pedulo ali m'mimba, anabwera Pedulo akuthamanga. Anafika masana dzuwa likuswa mtengo, atasenza chithumba chokulunga m'chikopa cha ng'ombe. Anali atabwera nacho pa kamiyau, lole ija, mpaka kumene msewu unathera, kwinako pamutu.

Ndinawazindikira ndi mayendedwe, chifukwa nkhope inali itasintha. Anali ataonda, akutsokomola chifuwa chouma, ndipo atandimwetulira ndinaona kuti mano akutsogolo atha ngati a nkhalamba. M'manja munali zipsera zoyera. Pedulo anawaona n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Koma anali amoyo, ndipo anali kwathu. Ndinagwada pakhomo pomwepo n'kuthokoza Amayi Maria.

Anthu anasonkhana kudzaona zimene abwera nazo. Ine anandigulira nsalu ndi kolona. Zina zonse zinali m'chithumbamo. Alongo anga anamasula okha chingwe.

"Alamu, takulandirani. Anzanu akubwera ndi njinga, ena makina osokera. Inu mwatisenzera chiyani, shuga?"

Munali ufa wotuwa, wa timibulu, wonunkha mowawasa. Alongo anapisa chala, ananyambita, n'kulavulira kutali.

"Aa! Mchere wowola! Zaka zonsezi mwakagwirira dothi, alamu? Anakuuzani ndani kuti kuno dothi linatha?"

"Dothi lilipo," anatero amuna anga akuseka nawo, "koma lili ndi njala ngati ife. Ichi ndi chakudya chake. Kumeneko amati feteleza, Apwitikizi amati adubo."

Zoti dothi linali ndi njala zinali zoona. Amuna amphamvu ankangotengedwa ndi asupayi, asilikali a boma aja, kukagwira chibalo, ena n'kumathawa, moti panalibe wotema mitengo kuti tiswe mphanje. Tinkangolima malo amodzimodzi amene amayi analima, ndipo chimanga chinkachepa chaka ndi chaka. Nkhokwe za chaka chimenecho sizinafike n'pakati pomwe.

Novembulu

Mvula yoyamba inagwa bwino. Lamulungu lina titachoka kopemphera, anthu anakhala pansi pa mango pakhomo pathu, n'kuwafunsa amuna anga kuti ufa umenewu amaupanga bwanji. Iwo ankakonda kufotokoza zinthu, ndipo ankafotokoza ndi manja omwe. Ndikulemba monga ndinamvera.

"Kumene ndinkagwira ntchito kuli chinyumba chamalata okhaokha, chachitali ngati phiri. Mbali ina amawotcha mwala wachikasu wotchedwa sulufule. Utsi wake amaulowetsa m'zipinda zikuluzikulu zamtovu, n'kumaupopera nthunzi, mpaka utsiwo usanduke madzi. Madzi amenewo amati asidi. Kuwaona ngati mafuta ophikira, koma kadontho kakagwera pamalaya, mawa pali chibowo. Manjawa ndi iyeyo. Mbali ina amapera miyala yobwera pasitima kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndi mafupa ochokera kumene amaphera ng'ombe za m'tauni. Ufa umenewo akauthira asidi umawira wokha, popanda moto, ngati phala, kenako umalimba m'chidzenje chasimenti. Ife ntchito yathu inali kulowa m'menemo ndi mafosholo kukaugumula udakali wotentha. Utsi wake unkadya magalasi a m'mazenera mpaka kunja osaonekanso. Nanga mano a munthu?"

"Nanga asidiyo ndi wa chiyani?" wina anafunsa.

"Fupa ndi louma, muzu sungalitafune. Asidi amalifewetsa kuti likasungunuke ndi mvula, muzu ungomwa. Umenewo ndi wa mizu. Ukakhala pamulu milungu ingapo, amausakaniza ndi wina woyera ngati mchere, wobiriwitsa masamba. Umenewo ati amaupanga kunja, ena kuchokera ku utsi wa malasha, ena amachita kuukoka mumpweya tikupumawu."

Apo anthu anaseka kwambiri, ine ndemwe ndinaseka. Mpaka lero sindimvetsa kuti mpweya angauthire bwanji m'thumba, koma mdzukulu wanga amene anaphunzira akuti n'zoona.

"Wachitatu amachita kukumba pansi, mchere wofiirira, wolimbitsa phesi. Umenewo ndi mbale wake wa phulusa lathuli."

Alongo anga anali akufwenkha fodya. Anati, "Alamu, mafupawo ndi a ng'ombe zokha? Munkawaona limodzilimodzi? Anthu onse amafera kumigodi aja, mitembo yawo sibwera kuno. Imapita kuti?"

Ananena moseka, monga amachitira munthu ndi mlamu wake. Ena anaseka. Jasinta sanaseke. Ananyamula Mwatitha n'kupita kunyumba kwake.

Pobzala, amuna anga ankatapa ufawo ndi kachivindikiro ka botolo, n'kuuika pambali pa phando, osati pambewu penipeni, ati ungaiwotche. Ine ndinkaponya mbewu patsogolo, iwo pambuyo, akutsokomola n'kumandinena kuti mizere yanga ndi yokhota ngati njira ya woledzera. Masiku amenewo ndinali wosangalala, sindibisa. Ufawo unakwana munda wa kumtunda wokha, wa kumunsi unatsala. Anasungako pang'ono m'lata kuti adzathire kudimba m'chilimwe. Anatapako m'chipande kukapatsa alongo anga kuti ayese, koma anakana.

"Munda wa amayi sudya zachilendo. Kadyetseni umene tinakubwerekaniwo."

Dezembulu

Natale, Khirisimasi ija, isanafike, nkhokwe zambiri zinali zitayera m'kati. Tinayamba kudya kamodzi patsiku. Chimanga cha kumtunda chinakula chobiriwira mpaka kuda, cha kumunsi chachikasu ngati cha aliyense. Amuna anga ankaima pamalire a minda iwiriyo n'kumapukusa mutu.

"Amake Rozina, asidi ndilibe, koma mafupa alipo. Tikawawotcha n'kuwasinja, nthaka idzawadya pang'onopang'ono. Zikatheka, alamu nawonso adzaona kuti sizifunika kupita ku Sozibele."

Anayamba kuyenda m'dambo ndi dengu, kutola mafupa a ng'ombe zimene zinafa m'chilimwe, a mbuzi, a nguluwe kumene alenje ankasendera nyama. Ankabwera nawo masana, poyera, anthu akuona. Anawawotcha kuseri kwa nyumba mpaka anayera n'kumaphwanyika. Fungo lake linafika mudzi wonse.

Pamudzi pathu panali mtondo umodzi waukulu wa mlombwa, umene amayi anatisiyira. Tinkasinjiramo tonse, ine, Jasinta ndi akazi a alongo anga. Tsiku lina akazi tonse tinapita kutchire kukakumba mpama. Pobwera tinamva musi ukugunda. Tinapeza amuna anga ali chilili, malaya atavula, akusinja mafupa mumtondo wa amayi, fumbi loyera lili m'tsitsi ndi m'nsidze.

Inu a lero simungamvetse. Mwamuna kugwira musi chinali kale chinthu chochititsa manyazi. Koma mafupa! Kwathu wosinja mafupa ndi mfiti, pokonza zizimba za mankhwala ake. Iwo anali atakhala zaka pamalo pamene fupa ndi katundu wa m'ngolo ngati malasha, ndipo anali ataiwala. Anangoona kuti pamwala zinkamwazika, mumtondo zinkakhala pamodzi.

Akazi a alongo anga anagwetsa dengu n'kugwira pakamwa. Jasinta anangoti, "Alamu, mmenemo ndi mmene ndimasinjira phala la mwana wanga."

"Ndi ng'ombe izi, mlamu. Taonani chibwanochi. Munthu ali ndi mano otere?"

Ndinautsuka mtondowo ndi mchenga ndi phulusa, ndinauwaza madzi odalitsidwa amene ndinkasunga m'botolo, ndinauyanika padzuwa. Mtondo wina panalibe, choncho onse anapitiriza kusinjiramo. Ufa wa mafupawo amuna anga anausakaniza ndi phulusa ndi ndowe za m'khola, n'kukathira munda wa kumunsi.

Janeru

Mvula inadula. M'mawa kunkachita mitambo, pofika masana yabalalika. Chimanga cha anthu chinapota masamba, ndipo pansi pake panatuluka kaufiti, timaluwa tofiira tija toyamwa mizu. M'munda wa alongo anga munkaoneka ngati mwawazidwa magazi. Wathu wa kumtunda masana unkafota, m'mawa n'kudzuka, ndipo kaufiti analimo wa apo ndi apo. Amuna anga ankati mizu inalowa pansi msanga, ndiponso kaufiti amakonda nthaka yotopa. Panalibe wofuna kumva.

Njala inalowa. Mbuzi yathunthu ankaisinthanitsa ndi lichero la gaga, ndipo mwezi usanathe lichero lija linasanduka mbale. Kuloja, sitolo ya kuposito, kumene kunkakhala akuluakulu a boma, chimanga chinalipo, koma mtengo wake unkakwera munthu ali m'njira. Wochoka m'mawa atamva mtengo wina, pofika ankapeza wina. Kunamveka kuti boma ligawa chakudya. Anthu anayenda ulendo wonsewo ndi matumba opanda kanthu, n'kukapeza kuti ufa ndi wa okhawo ovomera chibalo, kapu imodzi patsiku ndi kansomba kouma. Amuna ena anavomera chifukwa cha kapuyo, n'kusiya ana. Mabanja ena anatseka zitseko ndi minga n'kuwoloka malire kukapempha ganyu. Mayi wina wa kutsidya kwa dambo anapereka mwana wake wamkazi, wosatha msinkhu, kwa nkhalamba ina imene inali ndi nkhokwe. Ife tinkadya mpama woviika kumtsinje kuti ululu uchoke, mizu ya nthochi, mango osakhwima owiritsa, ndi therere lokhalokha.

Munda wathu unali m'mbali mwa njira ya kuchitsime. Akazi ankadutsa ndi mitsuko, n'kuima, n'kuyang'ana. Poyamba ankandiuza kuti, "Nabanda, mwalima chaka chino." Kenako analeka kunena. Kenako analeka ndi moni womwe. Rozina anabwera tsiku lina akulira kuti anzake amuthamangitsa pamasewera. Ati bambo ake ali ndi mfumba, mankhwala okokera chimanga cha anthu kuti chilowe m'munda mwawo, ndipo ati chizimba chake ndi mafupa a amuna a Jasinta.

Ndinakadandaula kwa a katekista athu. Anandiuza kuti ndilimbe mtima, ndipo tinapemphera limodzi. Koma nawonso munda wawo unali utapserera, ndipo pondiperekeza anafunsa motsitsa mawu kuti, "Koma mayi, mafupa aja munawaona bwinobwino inuyo?"

Fevereru

Mvula inabweranso, koma kwa ambiri inapeza chimanga chitafa kale. Mwatitha anayamba kutupa mapazi, kenako nkhope. Tsitsi linafiira. Ana ambiri anatupa choncho chaka chimenecho, ngakhale m'midzi mmene simunasinjidwe fupa. Ndinkamupititsira phala la gaga lochotsa pa la ana anga. Jasinta ankalandira ndi manja awiri, koma tsiku lina ndinapeza phalalo atalitaya kuseri kwa nyumba yake. Mwanayo anamwalira ali kumsana kwa amake, akuchokera kuchitsime.

Titaika maliro n'kumeta, alongo anga anaitanitsa mbumba yonse ndi anansi pakhomo pawo. Amuna anga anawakhazika pansi pakati, padzuwa.

"Alamu," anatero alongo, ndipo nthabwala zinali zitatha, "munabwera ndi ufa wa akufa. Munda wanu wadya minda yathu. Munasinja mafupa mumtondo wa amayi, mwana wadya za mumtondomo, wapita. Tagwirizana kuti chimanga chija tichiteme chonse, tichiwotche, inu mubwerere kwanu ku Nsadzo. Mkazi ndi ana ndi athu, atsala."

Ndinafuula. "Alongo, mukatema chimanga chimenecho ana anga adya chiyani? Anu adya chiyani? Chatsala chokhacho m'mudzi muno!"

"Khala chete, Nabanda. Bola njala kusiyana ndi kudya anthu."

Wina anati pabwere mwavi, mlandu uthe mwachilungamo. Mwavi ndi khungwa la ululu limene akale ankamwetsa munthu woganiziridwa ufiti. Akasanza ndiye kuti ndi wosalakwa. Likamutsegula m'mimba kapena kumupha, ndiye kuti ndi mfiti. Koma aliyense ankadziwa kuti kuposito akamva za mwavi, asupayi adzamanga mudzi wonse. Ndiye Jasinta analankhula, koyamba chiikire mwana wake. Mawu ake anali ozizira.

"Mwavi wa chiyani? Ali nawo wawo m'lata. Ati ndi chakudya. Adye. Ngati mulibe amuna anga m'menemo, asanza."

Anthu anavomereza ndi mtima umodzi, ngati apeza nzeru. Ine ndinakwawa mpaka pamene panali amuna anga, ndinawagwira mwendo.

"Abambo a Rozina, kanani. Ndife akhristu, sitimwa za mayeso. Pitani ku Nsadzo, ndidzakutsatani."

"Mudzanditsata ndi ana odya chiyani?" anandiyankha motsitsa. "Chimanga chamasula kale, chatsala pang'ono. Ufa uja ndimaudziwa. Wowawasa chotere, m'mimba mopanda kanthu, sukhalamo. Ndisanza basi." Kenako anakweza mawu. "Alamu, ndimwa. Koma nenani pamaso pa anthu onsewa kuti ndikasanza, palibe wokhudza phesi ndi limodzi lomwe."

"Mukasanza munda ndi wanu, ndipo mudzi ndi wanu," anatero alongo.

M'mawa mwake tinapita kumunda, mudzi wonse. Alongo anakhuthula lata lonse m'chipanda cha madzi, n'kuvundula ndi kamtengo. Sunasungunuke wonse, pansi panatsala matope otuwa. Amuna anga anachita chizindikiro cha mtanda. Anamwa, anapumira, anamwanso. Akazi a alongo anga anati, "Zapansizo." Amuna anga anakokota matopewo ndi zala, n'kumeza.

Anawayendetsa uku ndi uku monga amachitira pamwavi. Ine ndinagwira kolona, koma mawu a pemphero sankatuluka. Sipanapite nthawi, anagwada pakati pa mizere n'kusanza. Anasanza mpaka kunatuluka ndulu, kenako timagazi. Ndipo anthu aja, amene dzulo lake ankafuna kuwathamangitsa, anaimba nthungululu. Anawathira dothi kumutu monga wopambana mlandu, poti ufa wa chimanga panalibe. Alongo anga anawagwira dzanja. "Alamu, mwayera. Zatha." Jasinta yekha anatembenuka n'kumapita.

Marsu

Sizinathe. Tsiku lomwe lija, dzuwa lisanalowe, m'mimba munatseguka. Tonse awiri tinadziwa tanthauzo lake. Zikamveka, adzati mayeso awagwira mochedwa, ndipo zikwanje zidzalowa m'munda.

Ndinati ndipemphe anthu awanyamule pamachira kupita ku misau, kumene kunali enfermeru wopereka mankhwala. Anakana.

"Onyamula machirawo alibe mphuno? Tisanafike kumtsinje adziwa. Dikirani chimanga chikhwime, ndiye mudzanditengere kumene mufuna."

Ndiye tinabisa. Ndinakumba dzenje m'nyumba, pambali pa mphasa, n'kumakwirira ndi phulusa. Nsanza ndinkazibisa m'dengu pansi pa masamba, n'kukachapira kumunsi kwenikweni kwa mtsinje kumene akazi safika. Ana ndinawauza kuti bambo akudwala chifuwa chawo chija. Pakhosi panali patapsa, moti ngakhale phala lamadzi ankalimeza akugwetsa misozi. Ndinkawapatsa madzi ndi chipande, pang'onopang'ono, koma ankangodutsa.

M'mawa uliwonse ankandiuza kuti ndiwasambitse kumaso, ndiwaveke malaya a ku Sozibele, ndiwatsamiritse pakhonde kuti anthu awaone. Ankakhala pamenepo akumwetulira ndi mano awo aja, kupereka moni kwa odutsa.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" alongo anga ankafunsa ali panjira.

"Ndadzuka, alamu. Ndikungodikira mondokwa wanga. Inu mudzadya chitsononkho."

Alongo ankaseka n'kumapita. Akangokhota, ndinkawakokera amuna anga m'nyumba, pamene anakhala pali ponyowa, ine n'kuthira dothi msangamsanga.

Ankapepuka tsiku ndi tsiku, mpaka ndinkawanyamula ndekha ngati mwana. Maso analowa m'kati. Chimanga chinabereka, ndevu zake zinayamba kuuma. Rozina ankapita kukaona n'kudzawauza, iwo n'kumafunsa kuti, "Ukachibaya ndi chikhadabo chikutuluka madzi kapena mkaka?" Tsiku limene anati mkaka, anatseka maso n'kunena kuti, "Ambuye, zikomo."

Anamwalira masana ena mvula ikuwaza, a katekista atabwera kudzawapempherera. Ndimayamika Mulungu chifukwa cha chimenecho, kuti sanapite opanda pemphero. Ngati a katekista anamva fungo m'nyumbamo, sananene kwa munthu, ndipo Mulungu awadalitse kumene ali. Ndisanalire mokweza, ndinayamba ndakwirira dzenje lija n'kuzira pamwamba pake. Kenako ndinatuluka panja n'kulira.

Osambitsa maliro anaona mmene thupi linathera. Anayang'anana. Mmodzi anati, "Chifuwa cha ku Sozibele n'choopsa," ndipo onse anavomera. Mondokwa unali utatsala pang'ono kudyeka, ndipo aliyense ankadziwa.

Abrili

Mondokwa woyamba ndinathyola ndekha. Ndinawotcha, ndinapatsa Rozina ndi Pedulo. Pedulo anadya mpaka tulo tinamugwira chitsononkho chili m'manja. Ine ndinaluma kamodzi, chinakana kutsika.

Kenako anthu anayamba kubwera. Poyamba ana, kuima chapatali n'kumayang'ana moto. Pambuyo pake amayi awo, ati abwera kudzandithandiza kupalira, nthawi yopalira itatha kalekale. Akazi a alongo anga, omwe aja anati zapansizo, anabwera ndi lichero, n'kundiitana kuti "mlamu wanga wachifundo." Sindinabweze munthu. Musati ndinali woyera mtima, m'kati mwanga munkawira. Koma ndikayang'ana mapazi otupa a ana awo, dzanja linkapita lokha kuphesi. Ndikhulupirira kuti anali Mulungu amene ankaligwira, chifukwa ine pandekha sindikanatha.

Jasinta sanabwere. Ndinkamusiyira chimanga pakhomo pake. Masiku oyamba chinkauma pomwepo. Kenako ndinayamba kupeza makoko okha. Sitinakambepo za nkhaniyi mpaka anamwalira ali nkhalamba, ndipo ndine ndinamutseka maso.

Mayu

Tinakolola. Munda wa kumtunda unadzaza nkhokwe yathu mpaka pakamwa. Wa kumunsi, wa mafupa osinja uja, sunafike pamenepo, komabe unaposa minda yonse ya m'mudzi. Chimanga chimenecho chinatisunga ife ndi mbumba yonse, ndipo pamudzi pathu sipanafenso mwana chaka chimenecho.

Ndikufolera denga la nkhokwe, alongo anga anabwera kudzandithandiza. Titamaliza anakhala pachitsa, anatulutsa fodya, n'kuyang'ana nkhokweyo nthawi yaitali.

"Nabanda, alamu anali munthu."

"Anali munthu, alongo."

"Chifuwa chija n'chimene chinatilanda."

Ine ndinatola udzu wotsala pansi n'kuumanga.

Alongo anakanda pansi ndi kamtengo. "Ndimati ndifunse. Munda wanga uja watheratu. Kodi ufa uja wa ku Sozibele unatsalako, ngakhale wa m'chipande?"

"Wotsalawo ndi uja munawamwetsa, alongo."

Ndinkaganiza kuti mwina alira, mwina anyamuka. Ntchentche inatera pabondo pawo, sanaiinge. Kenako, osandiyang'ana, anati:

"Nanga mafupawo, amayamba ndi kuwotcha kapena kusinja?"

Anali ndi ana aang'ono kunyumba, ndipo mvula ina inali kubwera. Ndinawauza kuti amayamba ndi kuwotcha.